Zigoli 209 m'masizoni 24: ntchito ya wotchinga kumbuyo mu hoke ya pa ayisi

Mu Novembala 2025, Zdeno Chára wa ku Slovakia adalowetsedwa mu Hockey Hall of Fame, nyumba ya mumzinda wa Toronto ku Canada yomwe imasunga mayina a akatswiri opuma a hoke ya pa ayisi. Wozolowera mpira wa miyendo akaona ziwerengero za mkuluyu akhoza kukanda mutu. Adasewera masizoni 24 mu NHL, ligi yaikulu ya ku America ndi Canada, masewero 1,680, koma zigoli adamwetsa 209 zokha. Chaka chomwecho mu Epulo, Alexander Ovechkin adamwetsa chigoli chake cha 895 n'kupitirira Wayne Gretzky, yemwe mpaka nthawiyo anali ndi zigoli zambiri kuposa onse m'mbiri ya ligiyo. Ndiye wa zigoli 209 akutani pagulu la akamuna otere?

Chára ankasewera kumbuyo. Ntchito ya malo amenewa simaoneka bwino pa chiwerengero cha zigoli, ndipo moyo wa munthu woisewera umayenda mosiyana ndi wa anzake akutsogolo: amachedwa kupsa, amagwira ntchito nthawi yaitali pa sewero lililonse, ndipo thupi lake ndi lomwe limalipira.

Masewerowa amayenda bwanji

Hoke yomwe timaiona kwathu kuno imaseweredwa pabwalo ndi kampira. Iyi ndi ina. Bwalo lake ndi la madzi oundana, mamita 61 m'litali ndi 26 m'lifupi, lozunguliridwa ndi khoma lomwe pamwamba pake pali galasi lolimba. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi ndipo amatsetsereka pa ayisi ali ndi ndodo m'manja. Chomwe amalimbirana amachitcha puck. Ndi kachinthu ka labala wolimba wakuda, kofanana ndi kachitini ka polishi wa nsapato, kolemera pafupifupi magalamu 170. Amakasunga mufiriji sewero lisanayambe kuti kasamadumphedumphe.

Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 6 pa ayisi: goloboyi, akutsogolo atatu, ndi otchinga kumbuyo awiri. Sewero lili ndi zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo wotchi imaima nthawi iliyonse woyimbira akaimitsa sewero. Chodabwitsa kwa ife a mpira wa miyendo n'choti osewera amasinthana sewero lili mkati, ndipo wotuluka amabwereranso. Munthu amalowa, n'kuthamanga ndi mphamvu zonse kwa masekondi ngati 45, n'kubwerera pabenchi kukapuma, mnzake n'kulumpha khoma kulowa. N'chifukwa chake timu imabwera ndi akutsogolo 12 ndi akumbuyo 6 pa sewero limodzi. Akumbuyowo amagawidwa awiriawiri: awiri oyamba, achiwiri, ndi achitatu.

Pa ayisipo pali mizere iwiri yabuluu yomwe imagawa bwalo patatu. Lamulo la ofusayidi lagona pamenepo: wosewera saloledwa kudutsa mzere wabuluu wa kugolo kwa adani puck isanadutse. Wotchinga kumbuyo amathera moyo wake pafupi ndi mizere imeneyi.

NHL ndiye ligi yaikulu padziko lonse. Ili ndi matimu 32, 25 ku America ndi 7 ku Canada. M'nthawi ya Chára timu iliyonse inkasewera masewero 82 pa sizoni yathunthu, kenako matimu 16 n'kulowa m'chipulula cholimbirana chikho cha Stanley Cup. M'chipululamo matimu awiri amakumana mpaka wina atapambana kanayi, ndipo ndime zake ndi zinayi.

Chomwe wakumbuyo amachita

Choyamba n'kutsetsereka chambuyo. Wa timu ina akamabwera ndi puck pa liwiro, wotchinga amabwerera chafutambuyo maso ali pa iye, ndipo ayenera kuyenda pa liwiro lofanana ndi la munthu yemwe akuyenda chakutsogolo. Nzeru yonse ili pa mpata wa pakati pawo. Akasiya mpata waukulu, mdaniyo apeza danga lowombera. Akamuyandikira msanga, amuzemba n'kutsala yekha ndi goloboyi. Wotchinga wabwino amaika ndodo patsogolo, n'kumukankhira mdaniyo pang'onopang'ono kukhoma, komwe kulibe njira yabwino yolozera kugolo.

Apa ndi pomwe thupi la Chára linkagwira ntchito. Ndi wamtali mamita 2.06, ndipo palibe wina wamtali kumuposa yemwe adasewerapo mu NHL m'nthawi yake kapena m'mbuyomo. Ligi idamulola kugwiritsa ntchito ndodo yaitali kuposa ya anzake. Akatambasula mkono ndi ndodoyo, wofuna kumuzungulira ankayenera kulambalala patali, ndipo pomafika kugolo mpata unali utatsekeka kale.

Chachiwiri n'kukatenga puck pakona. Matimu amakonda kuiponya kumapeto kwa bwalo n'kuithamangira. Wotchinga ndiye amatembenuka kukaitenga, nkhope ili kukhoma, msana uli kwa munthu wa makilogalamu 90 kapena kuposa yemwe akubwera kudzamuwombetsa pagalasi, zomwe malamulo amalola bola asamugunde molunjika kumsana kapena kumutu. M'kanthawi kochepako ayenera kucheuka paphewa, kuona komwe anzake ali, kutenga puck n'kuipereka molondola, akudziwa kuti akangoipereka agundidwa basi. Mpira woyamba umenewu, wochokera kumbuyo, ndi womwe aphunzitsi amayang'anitsitsa. Ukalakwika, timu imapanikizidwa kugolo kwake osewera atatopa, osatha kusinthana. Ukayenda bwino, akutsogolo amathamanga kukamwetsa chigoli ndipo m'manja amawomberedwa iwowo.

Pali nthawi inanso yomwe imaonetsa mutu wa wotchinga. Adani awiri akubwera, iye ali yekha. Sathamangira yemwe ali ndi puck. Amaima pakati pawo kutseka njira yopatsirana, wowomberayo n'kumusiyira goloboyi, chifukwa goloboyi amatha kugwira chomwe akuchiona koma zimamuvuta kudumphira mbali ina puck ikapatsidwa kwa wachiwiri. Woonera amene sakudziwa angaganize kuti munthuyo wachita mantha.

Kenako pali kutchinga ndi thupi. Wakumbuyo amaima dala, nthawi zina kugwada kumene, kutsogolo kwa puck yowombedwa. Kuti timve kukula kwa nkhaniyi, Chára mwiniwake adawomba puck pa liwiro la makilomita 175 pa ola pa mpikisano wa akatswiri a NHL ku Ottawa mu 2012. Zovala zotetezera zilipo, koma mafupa a phazi, zala ndi nsagwada zimasweka ndithu.

Wosewera akalakwa amakakhala kunja mphindi ziwiri, kapena zisanu ngati mlandu ndi waukulu, ndipo timu yake imasewera yoperewera. Nthawi imeneyo mphunzitsi amatumiza otchinga omwe amawakhulupirira kwambiri. Zinthu zikatembenuka, timu yake n'kukhala ndi munthu mmodzi woposa, wotchinga amakaima pa mzere wabuluu wa adani n'kumagawa puck kapena kuwomba kuchokera patali. Zigoli zambiri za akumbuyo zimachokera pamenepo. Ku Boston Bruins, timu yomwe adaisewerera zaka zambiri, nthawi zina ankamuimika Chára pamaso penipeni pa goloboyi wa adani kuti amutchinge asaone kanthu.

Amamuyeza ndi chiyani

Mukafuna kudziwa wotchinga yemwe mphunzitsi amamudalira, yang'anani mphindi. Wakutsogolo wabwino amasewera mphindi ngati 18 mpaka 21 mwa 60. Wotchinga woyamba amafika 24 kapena 25, pomwe wa awiri achitatu amapeza mwina 15. Chára ali pachimake ku Boston ankapitirira mphindi 25 pa sewero, ndipo zambiri mwa mphindizo ankakumana ndi omwetsa zigoli oopsa a timu inayo, chifukwa aphunzitsi amachita kudikirirana: uyu akalowetsa akatswiri ake, winayo amalowetsa wowatseka.

Palinso chiwerengero chomwe chimapatsa wosewera mfundo imodzi timu yake ikamwetsa iye ali pa ayisi, n'kumuchotsera imodzi adani akamwetsa, kupatula zigoli zomwe timu yamwetsa ili ndi munthu woposa. Mu sizoni ya 2010 mpaka 2011 Chára adatsogola ligi yonse ndi +33. Ambiri odziwa masewerowa amachikayikira chiwerengerochi, chifukwa wosewera wabwino wa timu yofooka amaoneka woipa, ndipo wamba wa timu yamphamvu amaoneka katswiri. Masiku ano matimu amawerenganso kuchuluka kwa mipata yowombera yomwe imapezeka mbali zonse munthuyo ali pa ayisi.

Wotchinga wopambana pa sizoni amalandira Norris Trophy, ndipo amavota ndi atolankhani olemba za hoke. Mphotoyi ili ndi mkangano wake wosatha. Bobby Orr wa Boston adaitenga kasanu ndi katatu, ndipo ndiye adasintha maganizo a anthu pa malowa: ankanyamuka ndi puck kuchokera kugolo kwake mpaka kwa adani, moti mu 1970 ndi 1975 adaposa ligi yonse, akutsogolo omwe, pa mapointi, omwe ndi zigoli ndi mipira yothandizira zigoli zikaphatikizidwa pamodzi. Kuchokera pamenepo ena amati mphotoyi imangopita kwa wotchinga wosewera ngati wakutsogolo. Amapereka chitsanzo cha Erik Karlsson, yemwe adaitenga mu 2023 ndi mapointi 101 pomwe timu yake ya San Jose inali kumunsi kwa ligi. Ena amayankha kuti puck ikakhala kwa iwe mdani sangamwetse, choncho kuukira n'kutchinganso. Chára adaitenga kamodzi, mu 2009, ali ndi zigoli 19, kuposa Mike Green wa Washington yemwe adamwetsa 31. Chaka chimenecho ovota adapendekera mbali ya kutchinga.

Njira yolowera

Mu NHL mulibe kukwera kapena kutsika ligi, ndipo timu singangopita kukasayinitsa mnyamata aliyense yemwe yamukonda. Chaka chilichonse kumakhala mwambo wosankha achinyamata a zaka 18 kupita m'tsogolo, womwe amautcha draft. Matimu omwe sadachite bwino amakhala ndi mwayi wosankha poyamba, cholinga chake n'choti mphamvu zisaunjikane malo amodzi. Wosankhidwa sasankha timu. Ufulu womusayinitsa umakhala wa timu yomwe yamutchula.

Chára adabadwa mu 1977 ku Trenčín, nthawiyo dziko likadali Czechoslovakia. Bambo ake anali katswiri wa masewero ogwetsana. Ali mnyamata, kutalika kudamuchedwetsa: miyendo inkakula msanga kuposa luso loyendera pa ayisi, ndipo aphunzitsi ena adamulangiza kuti akayese basiketibolo. Mu 1996 timu ya New York Islanders idamusankha pa nambala 56. Ndiye kuti panali anyamata 55 omwe matimu adawaona abwino kumuposa.

Sadapite ku New York nthawi yomweyo. Adakasewera kaye mu ligi ya achinyamata ku Prince George, tauni ya kumpoto m'chigawo cha British Columbia ku Canada, kuti azolowere bwalo la ku North America, lomwe ndi lopapatiza kuposa la ku Ulaya ndipo kugundana kumachuluka. Atatero adayamba moyo wokwera ndi kutsika pakati pa Islanders ndi matimu a AHL, ligi yachiwiri komwe matimu a NHL amakulitsira osewera awo. Ambiri amathera pomwepa. Mnyamata amakhala ndi kontrakiti ya malipiro awiri, aakulu akakhala mu NHL ndi ochepa kwambiri akatsitsidwa, ndipo akhoza kuitanidwa lero n'kubwezedwa sabata yamawa.

Otchinga amachedwa kukhwima kuposa akutsogolo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Wakutsogolo wa zaka 19 akalakwitsa, kumbuyo kwake kuli anthu atatu okonza. Wakumbuyo akalakwitsa kwatsala goloboyi yekha. Kudziwa nthawi yopita ndi nthawi yodikira kumabwera munthu atapusitsidwa kambirimbiri. M'masizoni ake anayi ku Islanders, Chára ankadziwika ndi kugunda ndi ndewu basi.

Kusinthidwa ndi nkhani ya ndalama

Matimu a NHL sagulana osewera ndi ndalama monga zimakhalira mu mpira wa ku Ulaya. Amasinthana, wosewera kwa wosewera, kapena wosewera ndi mwayi wosankha pa draft. Mu 2001 Islanders idapereka Chára, Bill Muckalt ndi mwayi wosankha pa nambala 2 pa draft ya chaka chimenecho kwa Ottawa Senators kuti itenge Alexei Yashin, womwetsa zigoli wotchuka wa ku Russia. Ndi mwayi uja Ottawa idasankha Jason Spezza. Yashin adapatsidwa kontrakiti ya zaka khumi yomwe Islanders idaithetsa mu 2007 isanathe. Ku Ottawa n'komwe Chára adapsa. Pofika 2004, ali ndi zaka 27, anali m'gulu la atatu omaliza opikisana pa Norris Trophy.

Sizoni yotsatira sidaseweredwe n'komwe chifukwa eni matimu ndi bungwe la osewera adasemphana pa malipiro, ndipo Chára adakasewera ku Färjestad ku Sweden. Mkanganowo udabala lamulo lomwe limalamulira moyo wa wosewera aliyense mpaka lero: malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Adayamba pa madola 39 miliyoni mu 2005, ndipo mu sizoni ya 2025 mpaka 2026 adafika pa 95.5 miliyoni. Ngakhale timu ikhale yolemera chotani, singasunge akatswiri onse.

Ottawa idakumana nazo mu 2006. Inali ndi otchinga awiri apamwamba omwe makontrakiti awo ankatha, Chára ndi Wade Redden, ndipo idasunga Redden. Wosewera akafika zaka 27, kapena akakwanitsa masizoni 7 mu ligi, kontrakiti ikatha amakhala mfulu kupita komwe akufuna. Apa ndi pomwe ambiri amapezera kontrakiti yaikulu ya moyo wawo, ndipo kwa wotchinga zimagwirizana bwino chifukwa ndi msinkhu womwe wangoyamba kupsa. Boston Bruins idamupatsa Chára madola 37.5 miliyoni pa zaka zisanu n'kumusankha kukhala kaputeni asanasewere sewero ngakhale limodzi la ligi. Udindowo adakhala nawo masizoni 14.

Mu Juni 2011 Boston idagonjetsa Vancouver Canucks 4-0 pa sewero lachisanu ndi chiwiri la ndime yomaliza, kwawo kwa Vancouver, n'kutenga Stanley Cup koyamba kuchokera mu 1972. Goloboyi wa Boston, Tim Thomas, ndiye adatchuka kwambiri, ndipo n'zomuyenera. Koma ntchito yotseka mapasa a ku Sweden, Henrik ndi Daniel Sedin, omwe anali m'gulu la oopsa kwambiri mu ligi, idali ya Chára ndi mnzake Dennis Seidenberg wa ku Germany. Chára adafikanso m'ndime yomaliza mu 2013 ndi 2019, konseko n'kugonja. Mu 2013 Chicago idamwetsa zigoli ziwiri m'masekondi 17 kumapeto kwa sewero lachisanu ndi chimodzi, chikho n'kupita.

Mtengo wake pathupi

Pa 8 Malichi 2011, ku Montreal, Chára adakankhira Max Pacioretty, wosewera wa timu ya kumeneko, kukhoma pafupi ndi mabenchi, mutu wa Pacioretty n'kuwomba chitsulo chomwe chimagwira galasi. Adathyoka fupa la m'khosi ndipo ubongo udagwedezeka. Woyimbira adamutulutsa Chára m'sewerolo, koma ligi sidamupatse chilango china, ponena kuti sidaone umboni woti adachita dala. Ku Montreal anthu adakwiya kwambiri. Apolisi adafufuza, ngakhale pamapeto pake sadamuzenge mlandu, ndipo kampani ya Air Canada idaopseza kuti isiya kuthandiza ligi. Ena mpaka lero amati munthu wodziwa bwalo ngati iye ankadziwa pomwe chitsulocho chili. Ena amati kunali kugundana kwa masiku onse komwe kudachitikira pamalo oipa. Chomwe chidasintha n'choti NHL idaika magalasi okhota pamalo amenewo m'mabwalo ake. Pacioretty adachira n'kuseweranso zaka zambiri.

Mu 2019 zidamugwera mwiniwake. Pa sewero lachinayi la ndime yomaliza ndi St. Louis Blues, puck yomwe Brayden Schenn adawomba idagunda ndodo ya Chára n'kukwera kumaso, nsagwada n'kusweka. Madokotala adazimanga ndi tizitsulo ndi mawaya. Patangopita masiku atatu adalowanso pa ayisi atavala chotchinga chibwano, ali ndi zaka 42, ndipo mafunso a atolankhani adayankha polemba chifukwa kulankhula kunkavuta. Anthu a ku Boston adaimirira kumuwombera m'manja. Nkhani zotere okonda hoke amazinyadira, koma ziliponso nkhawa zomwe madokotala ndi osewera ena opuma akhala akunena, zoti chizolowezi chosewera uli wovulala, makamaka m'mutu, chimadzavutitsa munthu atakula. Ndipo si aliyense thupi limamulola kufika patali. Bobby Orr uja mawondo adamusiyitsa ali ndi zaka 30, atasewera masewero 657 okha.

Zaka zomaliza

Wotchinga akamakalamba, choyamba kuthawa ndi liwiro, ndipo ligi yamasiku ano yadzaza ndi anyamata othamanga. Omwe amakhalitsa ndi omwe amadziwa pokaima puck isanafike. Ntchito imasinthanso. Mphindi zimatsika, zowombera pa mzere wabuluu zimapita kwa achinyamata, iye n'kutsala ndi kutchinga timu ikaperewera komanso kulera. Ku Boston Chára adasewera limodzi ndi Brandon Carlo, kenako Charlie McAvoy, anyamata omwe adabadwa iye atasankhidwa kale pa draft.

Makontrakiti nawo amafupika n'kukhala a chaka chimodzichimodzi. Mu 2020 Boston idamuuza kuti ikufuna kupereka mpata kwa achinyamata, ndipo iye adapita ku Washington Capitals pa madola 795,000, ndalama yoyandikira malipiro otsikitsitsa mu ligi. Chaka chotsatira adabwerera ku Islanders, komwe adayambira. Kumeneko, mu Febuluwale 2022, adapitirira masewero 1,651 a Chris Chelios n'kukhala wotchinga kumbuyo yemwe wasewera masewero ambiri m'mbiri ya NHL. Mu Sepitembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 45, adasayina kontrakiti ya tsiku limodzi ndi Boston, mwambo womwe matimu a ku North America amachita kuti wosewera apume ali wa timu yomwe adadziwika nayo.

Dziko lake adalisewerera kangapo: Slovakia idatenga mendulo ya siliva pa mpikisano wa dziko lonse mu 2000 ndi 2012 iye ali momwemo, ndipo ndiye adanyamula mbendera pa Olimpiki ya ku Sochi mu 2014. Chigawo chathu chino adafikako mu 2008, pomwe adayendera Mozambique ndi bungwe la Right To Play, lomwe limaphunzitsa ana kudzera m'masewero, kenako n'kukakwera phiri la Kilimanjaro ku Tanzania. Atapuma adayamba mipikisano yothamanga mtunda wautali, ndipo mu Epulo 2023 adamaliza makilomita 42 a Boston Marathon m'maola atatu ndi mphindi 38. Mu 2025 Boston Bruins idamulembanso ntchito, ulendo uno ngati mlangizi wa osewera ndi aphunzitsi.